Chitseko cha kalavani yathu chinadya mashoka anayi tisanachiike pa sikelo

Chimene chinkachirikiza chitseko cha kumbuyo kwa kalavani yathu chinali mpini wa khasu. Sindikuseka, mpini weniweni, umene ndinausongola kuti uzilowa m'kabowo ka pa shelefu. Unagwira ntchito miyezi iwiri popanda chovuta, kufikira tsiku la mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mu 2024. Kamvuluvulu wa mu Ogasiti anadutsa pakati pa magalimoto, anatukula chitseko chija pang'ono chabe, mpini n'kugwa, chitseko n'kutsika. Amai a kunyumba anali ataweramira mkati kufuna mchere. Chinawapeza paphewa ndi kuseri kwa khutu. Sanathyoke, koma sabata yathunthu akafuna kucheuka ankatembenuka thupi lonse.

Atapuma pang'ono anandiyang'ana n'kunena kuti, "Atate ake, mwatipangira khichini kapena diwa? Ine ndine mbewa?"

Ndinalibe choyankha, chifukwa linalidi diwa: chinthu cholemera, kamtengo kochirikiza, ndi chakudya mkati.

Kalavaniyi ndinaipangitsa kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo muno mu Chipata, chaka chija magetsi ankabwera maola owerengeka, moti ntchito ya mwezi umodzi inatenga miyezi inayi. Ndi kangolo ka matayala awiri, mkati muli matiresi a anthu awiri, kumbuyo kuli kakhichini. Ndinatopa ndi kufunafuna chipinda chogona nthawi ya miyambo, komanso ndinkalakalaka kuti tizitsikira ku Mfuwe osadandaula za malo ogona. Chitseko cha khichini chimatsekukira kumwamba ngati buti ya galimoto. Mulifupi mwake ndi masentimita 130, ndipo kuchoka pa mahinjesi kufika m'mphepete mwa pansi ndi masentimita 110. Mafupa ake ndi machubu a chitsulo, mkati pulaiwudi, kunja lata losalala, ndipo loko, magetsi ndi nambala zonse zili kumunsi. Mukumbukire zimenezo, kuti zolemera zili kumunsi.

Titabwerako ku Katete ndinapita kwa anyamata ogulitsa zipangizo za magalimoto akale kukafuna mashoka a buti, aja akuda okhala ndi kandodo konyezimira amene amagwira chitseko cha kumbuyo kwa galimoto. Mnyamatayo anatulutsa awiri a galimoto yaing'ono, n'kuwagogoda pa kauntala.

"Awa, bwana, anyamula buti ya galimoto ya ku Japan zaka khumi. Kachitseko kanuko n'kachiyani?"

Pambali pake panali palembedwa 350N. Ine ndinkayesa ndi nambala ya ku fakitale, yonga imene imalembedwa pa fyuluta. Ndinalipira.

Mmisiri uja anawamanga mmene nzeru ya mpini inatiphunzitsira tonse awiri, kuti chochirikiza chikakhala kutali ndi mahinjesi chimagwira bwino. Mutu umodzi anaumanga pa chitseko masentimita 45 kuchoka pa mahinjesi, winawo pa khoma la khichini chakumwamba, pafupi ndi mahinjesi omwewo, chifukwa mpamene shokalo linafikira. Potsekula, chitseko chinapepukadi. Koma ukachisiya chinkatsika pang'onopang'ono ngati mutu wa munthu amene akusinza m'tchalitchi. Mpini unabwerera pa ntchito.

Apa ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwa kwachiwiriku ndiko kunandidyera ndalama zambiri. Ndinati ngati ang'ono alephera ndiye tigule aakulu, za masamu zichepe. Ndinabwerera, ndinatenga awiri onenepa a galimoto yaikulu, olembedwa 800N. Powamanga panafunika amuna atatu, awiri kukankha wina kulowetsa mutu. Titatsekula loko chitseko chinadumpha chokha, kutsala pang'ono kumenya mmisiri pachibwano, ndipo tonse tinaseka n'kuomba m'manja kuti tsopano zatheka. Kutseka kunkafuna kuti ulendewere ndi manja onse awiri. Ine ndinati zimenezo tizolowera.

Mu Okutobala tinatsikira ku Mfuwe. Amene anafikako mwezi umenewo akudziwa kuti kuchigwa cha Luangwa kutentha kumafika madigiri 40, mwinanso kuposa. Kumalo kumene tinaima kunali anyani, ndipo anyani a kumeneko sachita manyazi. Ine ndili kukatunga madzi, nyani wamkulu anayandikira khichini. Amai anagwira chitseko kuti atseke msanga, chitseko chinakana. Anakoka ndi manja onse awiri, chitseko chili zii. Nyani ananyamula buledi ndi kathumba ka tomato n'kukakhala patali pang'ono, kumadya akutiyang'ana. Pobwerera, tili m'zitunda zija zolowera ku Chipata, ndinayamba kumva kumbuyo kukulira gwegwegwe. Titafika kunyumba ndinapeza maliveti asanu a mahinjesi atazuka, chitseko chitakwera mbali imodzi moti chala chinkalowa pa mpata, ndipo shuga yense anali atasanduka wofiira ndi fumbi.

Kalavani inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka Disembala, pamene mwana wa mlongo wanga anabwera kutchuthi. Amaphunzira za makina ku Copperbelt University ku Kitwe. Anaizungulira kamodzi, anawerenga zolembedwa pa mashoka, n'kufunsa funso limene palibe anali atandifunsa, ngakhale ine mwini.

"Malume, chitsekochi chimalemera bwanji?"

"Chimalemera ndithu," ndinatero.

"Ayi malume, makilo angati?"

Anandifotokozera kuti N ija ndi newton, muyeso wa mphamvu, ndipo kilogalamu imodzi imakanikiza pansi ndi ma newton 9.81, amene ife a panja pa kalasi tingangoti 10. Choncho shoka la 350N limakankha ngati makilogalamu 35, la 800N ngati makilogalamu 80. Mkati mwake mulibe sipuling'i. Muli mpweya wa nitrogen wopanikizidwa kwambiri ndi timafuta pang'ono. Mphamvu yolembedwayo ndi ya pamene ndodo yatsala pang'ono kutuluka yonse, pa kutentha kwa madigiri 20. Ndodo ikamalowa mpweya umapanikizika, mphamvu imakwera, kawirikawiri ndi 20 mpaka 40 peresenti. Kukatentha imakweranso, pafupifupi 3.5 peresenti pa madigiri 10 alionse. Ndiye anawerengera pamtima n'kundiuza kuti mashoka anga awiri aja, chitseko chili chotseka m'dzuwa la ku Mfuwe, ankakankha ndi mphamvu yoposa makilogalamu 200. Matumba anayi a chimanga, usana ndi usiku, pa timaliveti tating'ono, kuwonjezapo mabampu a mu msewu. Ine ndinkaganiza kuti chitseko chikatsekedwa mashoka amapuma. Ndi pamene amalimbikira.

Ndinati tichotse chitseko tikachipime kwa ogula soya. Iye anati palibe chifukwa chochimasulira, tingobwereka sikelo yawo yopachika ija ya mbedza. Tinachotsa mashoka, tinakonza mahinjesi kaye, ndipo sikelo tinaipachika pa nthambi ya mango. Tinatukula chitseko mpaka chinagona mopingasa, chofanana ndi tebulo, n'kukoleka mbedza m'mphepete mwenimweni mwa pansi, pa chogwirira. Sikelo inaonetsa makilogalamu 13. Si kulemera kwa chitseko chonse, chifukwa mbali ina yanyamulidwa ndi mahinjesi, koma ndiyo nambala imene ikufunika, ndipo imawerengera yokha loko ndi magetsi zija zili kumunsi popanda iwe kulota pamene pali pakati pa kulemera. Amapima chili chopingasa chifukwa mpamene chitseko chimalemera kwambiri kwa wochigwira. Chikamatsika kupita kotseka chimapepuka, chikakwera kupitirira pamenepo chimapepukanso.

Analemba pa katoni ndi khala: 13 kuchulukitsa ndi 110, yankho 1430. Kenako anati, "Shoka limakankhira patali bwanji kuchoka pa mahinjesi?"

Ndinayankha monyada kuti masentimita 45, popeza ndinapima ndekha tsiku lomanga. Anagawa 1430 ndi 45, zinatuluka pafupifupi 32. Mashoka ndi awiri, ndiye lililonse makilogalamu 16, kapena 160N.

"Iwe, masamu ako a ku Kitwe ndi abodza," ndinamuuza. "Ndinaikapo a 350 ndipo chinagwa."

Sanakwiye. Anakhala chete akuyang'ana mabulaketi, kenako anapempha chingwe. Chitseko chili chikolekere pa sikelo, anamanga chingwe kuchoka pa mutu wa pa chitseko kufika pa mutu wa pa khoma, ndendende pamene shoka limadutsa. Anatenga sikweya ya mmisiri wa matabwa, anaigoneka pa chingwe, n'kupima mtunda waufupi kwambiri kuchoka pa chingwecho kufika pa hinjesi. Masentimita 16.

Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo ngati mukupanga chitseko chotere, kaya cha kalavani, cha kanopi ya galimoto, kapena cha kashopu koyenda, pano ndi pamene muyenera kuwerenga kawiri. Mtunda wofunika si wa pamene shoka lamangidwa pa chitseko. Ndi mtunda wochoka pa hinjesi kufika pa mzere umene shoka likukankhira. Mpini wanga unkaima chilili pansi pa chitseko, ndiye mphamvu yake yonse inkapita kumwamba. Mashoka aja anali chogonera, pafupifupi motsatana ndi chitsekocho, ndiye mphamvu yambiri inkathera kukankha chitseko kuti chichoke pa mahinjesi, yochepa yokha ndiyo inkatukula. Mwana wa mlongo wanga uja anandipatsa chitsanzo cha wilibala. Ukagwira kumapeto kwa zogwirira, mwana amatukula thumba la simenti. Ugwire pafupi ndi tayala, ngakhale mwamuna wa mphamvu atuluka thukuta. Mashoka anga ankagwira wilibala pa masentimita 16 kuchoka pa tayala, katundu ali pa 110.

Tinawerenganso. 1430 kugawa ndi 16 ndi 89 ndi pang'ono, pa mashoka awiri lililonse pafupifupi makilogalamu 45, kapena 450N. Kuwonjezerapo 10 kapena 15 peresenti ya mphepo, kuzizira kwa mu Juni ndi kukalamba kwa shoka, tinafika pa 500N. Ndiye 350 inali yochepa, 800 inali yopyola, ndipo ine ndinadumpha yankho ngati wodumpha ngalande.

Komanso aja a 350 sanali a 350. Tinawatulutsa m'sitolo n'kuwayesa pa sikelo yopondapo ya m'nyumba: kuika thabwa pa sikelo, kuimika shoka, kukanikiza ndi thupi mpaka ndodo itayamba kulowa, n'kuwerenga. Limodzi linaonetsa 29, linzake 24. Zaka khumi zija mnyamata wa pa kauntala ankazitama nazo ndizo zinali vuto lake. Shoka limataya mpweya pang'onopang'ono pamene likukalamba, ndipo awiri osiyana mphamvu amapotokola chitseko. Mukayesa chonchi samalani, likaterereka limamenya. Ndipo mukaona ndodo yanyowa mafuta kapena ili ndi zipsera, lisiyeni pomwepo.

Ine ndinali wokonzeka kuitanitsa a 500N. Iye anati tidikire, tiyambe tasuntha malo omangira, chifukwa mahinjesi adzapitiriza kuvutika. Anadula katoni yaikulu ya firiji, anajambulapo mbali ya khichini mu saizi yake yeniyeni, anakhoma kathabwa pa msomali kuti kazizungulira ngati chitseko, ndipo timitengo tiwiri anatidula kukhala shoka: kena masentimita 50, shoka litatambasuka, kena masentimita 30, litalowa lonse. Tsiku lonse linathera pa katoni imeneyo, amai akudutsa n'kumafunsa ngati tabwerera ku giredi 1. Koma kulakwitsa pa katoni sikudula. Msomali umazula n'kukhoma pena, pamene pa chitsulo pamafunika galayinda ndi magetsi amene kulibe.

Chimene tinkafuna ndi malo awiri okwaniritsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chitseko chikatseguka mpaka pamene mutu wanga ukudutsa bwino, mtunda wa pakati pa mitu iwiri ukhale 50. Chikatsekedwa, mtundawo ukhale wopitirira 30 pang'ono, kuti ndodo isagunde pansi chitseko chisanafike pa loko. Shoka likatha ulendo wake chitseko chisanatseke, ndiye kuti ukukanikiza chitsulo pa chitsulo, ndipo chimene chigonje ndi bulaketi kapena hinjesi. Tinapeza kuti mutu wa pa chitseko ukhale masentimita 20 okha kuchoka pa mahinjesi, wa pa khoma utsike mpaka masentimita 51. Chotseka, mtunda unali 31, sentimita imodzi yotsala. Chopingasa, shoka linali pafupifupi chilili pansi pa chitseko ngati mpini uja, ndipo sikweya inaonetsa masentimita 20. Zinandivuta kuvomera kuti tayandikira ku mahinjesi koma tapindula, koma manambala sanakane: 1430 kugawa ndi 20, kugawanso pawiri, makilogalamu 36 osakwana bwino. Ndi kowonjezera kaja, 400N.

Panalinso phindu lina limene ndinaliona pa katoni pomwepo. Chitseko chikamayandikira kotseka, mzere wa shoka umadutsa pafupifupi pa hinjesi penipeni, ndiye silikhalanso ndi mphamvu yotukula. Chitseko chimakhala pansi chokha, sichilimbana ndi loko. Potsekula umayamba ndiwe kutukula pang'ono, kenako mashoka amalandira.

Ndinaitanitsa atsopano awiri ku Lusaka, anabwera pa basi. Pa foni ndinatchula zinthu zinayi, ndipo ndinauza wogulitsayo kuti azibwereze: 400N, kutalika masentimita 50 kuchoka pakati pa mutu kufika pakati pa mutu winawo, ulendo wa ndodo masentimita 20, ndi mitu yolowa pa kampira kachitsulo ka mamilimita 10. Timipirato ndinagula tatsopano pamodzi, ta mabawuti a M8. Ukangoti "ndikufuna mashoka a buti" amakutumizira amene ali pafupi ndi dzanja.

Mmisiri atabwera kudzawotcherera mabulaketi atsopano, mashoka ndinawatsekera m'nyumba. Anadabwa, anati amafuna aziyesa akuwotcherera. Ndinakana. Kadontho kamodzi ka chitsulo chosungunuka kakagwera pa ndodo, kamang'amba labala yotseka mpweya ulendo woyamba womwewo, ndipo moto pafupi ndi chinthu chopanikizidwa mpweya chotere si masewera. Pa chifukwa chomwecho ndodo saigwira ndi pulayala, saipaka penti, ndipo shoka lakutha saliboola kapena kuliponya pa moto wa zinyalala, ana asaseweretse. M'malo mwa mashoka, mmisiri anagwiritsa ntchito timitengo ta pa katoni tija. Kuseri kwa bulaketi iliyonse tinaika kachitsulo kafulati kuti mphamvu igwere pa chubu osati pa pulaiwudi, ndipo mahinjesi tinachotsa maliveti n'kuika mabawuti odutsa. Tinayang'ananso kuti mitu iwiri ya shoka lililonse ikhale pa mzere umodzi, chifukwa shoka limafuna kukankha molunjika, likamakankhidwira chambali ndodo imapindika.

Pomanga, mmisiri anatembenuza ndodo kuyang'ana kumwamba, akuti zimaoneka bwino. Mwana wa mlongo wanga anamuuza mwaulemu kuti, "Amisiri, thupi lakudalo likhale kumwamba pa chitseko, ndodo iyang'ane pansi." Timafuta tija timatsikira pa labala n'kumaifewetsa kuti isaume, komanso ndi timene timachititsa kuti chitseko chifike pamwamba mofatsa osati mogunda. Mmisiri anang'ung'udza kuti ana a masiku ano, koma anatembenuza. Pa malo akale aja zimenezi sizikanatheka bwino, chifukwa shoka linkatembenuka, chotseka mutu uwu pansi, chotsekula mutu winawo.

Woyamba kuyesa anali amai. Anatsekula loko, anatukula ndi dzanja limodzi, chitafika chapakati chinakwera chokha n'kuima. Anaima patali kudikira kuti chiyambe kusinza. Sichinasinze. Anachikoka ndi zala zitatu, chinatsika. Anatsekula ndi kutseka kasanu, osanena kanthu, kenako anapita kukaona mphika.

Mu Febuluwale 2025 tinapita ndi kalavani ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni. Mvula inagwa masana, ndipo chitseko chinakhala denga, anthu asanu tinabisala pansi pake, kuphatikizapo agogo ena amene sitinkawadziwa. Munthu wina anapachika jekete yonyowa ndi chikwama pa chogwirira, ndipo ndinaona chitseko chikuyamba kutsika. Sindinadabwe, chifukwa pa masamu athu mphamvu yotsala m'mphepete muja ndi makilogalamu awiri kapena atatu basi, ndipo tinachita dala kuti amai azitha kutseka. Ndinachotsa chikwama, chinabwerera. Mpini uja timayenda nawobe. Kukakhala mphepo amai amauika pamalo pake, ndipo ine sinditsutsa, phewa linali lawo.

Mashoka a 800 aja mmisiri anawapempha, akuti akaike pa chitseko cha galaja ya munthu wina. Ndinamupatsa pamodzi ndi katoni ija. Mlungu watha amai anandiuza kuti mkati mwa chitseko mukuwonongeka malo, akufuna ndiikemo kashelefu ka zivindikiro za mapoto ndi mbale zachitsulo, chakumunsi kumene dzanja lawo limafika. Ndawauza kuti asonkhanitse zonse zimene akufuna kupachikamo, tizimangirire pa chitseko ndi chingwe pamalo pomwepo. Loweruka ndikukabwerekanso sikelo kwa ogula soya.